Makala, Mchere ndi Chitini cha Bambo Kamphinda

Malemu bambo athu, a Amosi Kamphinda, anabadwa pa 14 Malichi, 1957, m'mudzi muno mwa Kamtedza, kwa Mfumu Yaikulu Lukwa, m'boma la Kasungu. Mafumu, abusa, akulu a mpingo, amayi a Chigwirizano ndi nonse amene mwabwera kudzalira nafe, tikupempha kuti mutilole tiwerenge mbiriyi mpaka kumapeto. Yatalikirapo kusiyana ndi mmene zimakhalira pa maliro, chifukwa muli zina zimene eni ake analephera kuzinena ali moyo. Banja lagwirizana kuti zinenedwe lero, bokosi lisananyamulidwe.

Anali achitatu kubadwa mwa ana asanu ndi awiri a malemu a Yotamu Kamphinda ndi mayi Fainala. Anabadwa ndi chibwibwi. Alongo awo, mayi Lusiya, amene akhala kumutu kwa bokosiko, amakumbukira kuti ali mwana ankaima pakhomo nthawi yaitali akulimbana ndi liwu limodzi, mpaka womvera atatopa n'kuwamalizira. Kawirikawiri ankawamalizira molakwika, iwo n'kungovomera ndi mutu. Anakula motero, akulola anthu ena kumaliza mawu awo.

Sukulu anayamba mu 1965 konkuno, ndipo mu 1973 anasankhidwa kupita ku sekondale ya Chayamba. Anakhoza mayeso a Fomu 2 mu 1975, koma chaka chomwecho bambo awo anamwalira, sukulu n'kuthera pomwepo. Chimene anatsala nacho cha bambo awo ndi wailesi yakale ya chikopa chofiirira. Wailesiyo inkasasa mawu dzuwa likafika pamutu, ndipo inkabwerera mwakale kukazizira. Anthu ankati yakalamba. Malemu anaitsegula, nayamba kugwira tizipangizo take kamodzikamodzi, mpaka anapeza tinthu tatitsulo ta miyendo itatu timene tinkatentha kuposa tinzake. Atayala kansalu konyowa pamwamba pa wailesiyo, inayankhula masana onse. Anadzamva pambuyo pake kuti tinthuto ndi mathiranzisita, kuti m'kati mwake muli kamwala kotchedwa jemeniyamu, ndipo kamwala kameneka sikagwirizana ndi kutentha.

Mu 1976 analembedwa ukalaliki pa esiteti ya fodya ku Santhe. Mabwana ataona kuti mawailesi a anthu ogwira ntchito onse amathera pa tebulo la kalaliki, anawatumiza ku sukulu ya ntchito zamanja ku Lilongwe, kumene anaphunzira zamagetsi kuyambira 1978 mpaka 1980. Mu 1981 anayamba ntchito ku nthambi ya boma ya mtokoma ndi matelefoni. Ankasamalira makina a pa nsanja za m'mapiri, zimene zinkaponyerana mauthenga kuchokera phiri lina kupita phiri lina. Anagwirapo ntchito ku Dedza, ku Dowa ndi ku Mzimba.

Ana awo akafunsa za ntchitoyo, ankafotokoza pang'onopang'ono, ndipo kunyumba kokha ndi kumene ankawadikira kuti amalize. Ankati waya wa kopa amalola magetsi kudutsa nthawi zonse, mphira umawakana nthawi zonse, koma pali miyala ina imene ili pakatikati: imalola ukaiuza kuti ilole, imakana ukaiuza kuti ikane. Pa miyala imeneyi ndi pamene pagona wailesi iliyonse. Jemeniyamu anali woyamba, kenako kunabwera silikoni wopirira kutentha. Koma mafunde a pa nsanja amagwedezeka mofulumira kwambiri kuposa a wailesi ya m'nyumba, ndiye amafuna mwala umene magetsi amathamangamo kwambiri. Umenewo ndi galiyamu asenayidi. Ankati kamwala kochepa kuposa njere ya mpiru kamatsegula ndi kutseka kambirimbiri munthu asanaphethire, osaphonya ngakhale kamodzi. Mayi athu ankaseka kuti n'chifukwa chake bambo ankakakonda kamwalako, poti kalibe chibwibwi.

Mayi athuwo, a Jenala Nyazimba a kwa Kaluluma, anadziwana ndi malemu mu 1983. Malemu anatumidwa kukakonza telefoni ya pa positi ofesi kumeneko. Telefoniyo inachira tsiku lomwelo, koma wokonzayo ankangobwerabe Loweruka lililonse kudzaiyang'ana, n'kumagula mandasi kwa mtsikana wa pakhonde osanena kanthu. Mayi amati atatopa anawafunsa okha kuti, "Kasi imwe, telefoniyi ichira liti?" Ukwati unadalitsidwa pa 18 Ogasiti, 1984, ndipo mayi anabwera kuno chitengwa. Mulungu anawapatsa ana asanu: Vincent, Sankhani, Diana, Paul ndi Nthanda. Sankhani anatsogola ali wamng'ono mu 1993, ndipo bambo ake agona pafupi naye lero.

Anapuma ntchito ya boma mu 2000. Anabwerera kumudzi, namanga chigafa chowumitsiramo fodya wa bale, ndipo masiku a msika ankapalasa njinga kupita ku Santhe, kumene anali ndi benchi yokonzerapo mawailesi. Mu 2010, itatsegulidwa wailesi ya m'dera lathu lino, anawapempha kuti azisamalira makina ake a paphiri. Ambiri a inu mauthenga a maliro a abale anu, mitengo ya fodya ndi masiku a sikelo ya ana munkazimvera pa wailesi imeneyo. Mawu a malemu sanamvekepo ngakhale tsiku limodzi, koma ikazima, ndi iwo ankakwera phiri.

Tsopano tifike pa zimene banja latituma kuti tinene.

Malemu anali ndi machitidwe atatu amene anthu ankawaona koma osawamvetsa. Choyamba, asanagwire kachipangizo katsopano ankavula nsapato ndi juzi, n'kumanga kawaya pamkono, mbali ina ya kawayako n'kuilumikiza ku chitsulo chozikidwa pansi. Akatero ndi pamene ankatsegula kathumba konyezimira mmene kachipangizoko kabwerera. Chifukwa chake n'chakuti thupi la munthu limasunga magetsi, omwe aja amathetheka mukamavula juzi ya nayiloni m'mwezi wa Okutobala. Kwa munthu si kanthu, koma kamwala ka galiyamu asenayidi kamapsa nawo nthawi yomweyo, kasanagwire n'komwe ntchito. Kawayako kankatsitsira magetsiwo pansi.

Chachiwiri, pa ngodya ya nyumba yawo ndi pa chigafa anakumba dzenje, nazikamo ndodo ya kopa, nathiramo makala ndi mchere asanakwirire. Ndodoyo anailumikiza ndi waya wokwera pa mlongoti wautali. Makala ndi mchere zimasunga chinyezi, kuti mphenzi ikagwa ipeze njira yofewa yolowera m'nthaka.

Chachitatu chinali chitini. Zipangizo zikapsa paphiri paja, malemu sankazitaya kudzala. Ankaziika m'chitini cha mkaka, n'kuchimata, n'kuchipachika pamwamba penipeni m'chigafa, ndipo ankaletsa mwana aliyense kuchigwira. M'timiyala tija muli poizoni wotchedwa aseniki. Zina mwa zipangizo zikuluzikulu zimakhala pa kambale koyera kamene fumbi lake limawononga mapapo. Zikakhala zosasweka sizivuta. Zikaphwanyidwa kapena kutenthedwa, fumbi ndi utsi wake zikhoza kudwalitsa aliyense amene waima pafupi.

Msuweni wawo, a Raymond, amene munda wawo wachita malire ndi wathu, ankawanyogodola monga amachitira asuweni. Akawapeza ali chosavala nsapato, kawaya kali pamkono, ankafuula ali kumsewu kuti, "Asuweni, ndege ya usiku ija mwaithira kale mafuta? Mundisungire mpando wa pawindo." Malemu ankaseka mpaka misozi. Kwa zaka zambiri zinali nthabwala chabe.

Mu Januwale 2017 kunagwa mvula ya mphenzi masana. Mphenzi inagwera chigafa cha a Raymond, chigafacho chinapsa, ndipo ng'ombe zawo ziwiri za ngolo zimene zinabisala mmenemo zinafera pomwepo. Chigafa cha malemu, chimene chinali pafupi kwambiri, sichinapse ngakhale udzu umodzi. Anthu amene anathamangira kukazimitsa moto anayang'ana chigafa chakupsacho, nayang'ana chinacho chili chiimire ndi mlongoti wake, ndipo pobwerera kunyumba nkhani inali itapsa kale. Ena anakumbukira makala ndi mchere. Ena anakumbukira kawaya. Ana anaulula za chitini. A Raymond, mtima uli wowawa ndi ng'ombe zawo, anakatula nkhaniyi kwa akulu a mpingo.

Bwalo la akulu a mpingo linakhala mu Malichi chaka chomwecho. Amene ankafunsa mafunso anali a Frazer Chimbalanga, mnzawo wa malemu kuyambira ku sukulu ya Sande. Mayi athu anali pa benchi yakumbuyo, ndipo amati tsiku limenelo chibwibwi chinawagwira bambo kuposa masiku onse. Anafunsidwa ngati anakwirira makala ndi mchere pa nyumba yawo. Anavomera. Anafunsidwa ngati zimenezo n'zimene zinapatutsa mphenzi. Anavomeranso, poti ndi ntchito yake imeneyo. Atayamba kufotokoza, liwu linakakamira pakhosi, ndipo wina anawamalizira. Anafunsidwa ngati m'chitini muja muli zinthu zoti zingaphe munthu. Malemu sankadziwa kunama. Anati inde.

Pamenepo akulu anawapatsa njira imene imapatsidwa kwa aliyense wopezeka ndi zithumwa: abweretse chitinicho Lamulungu, chitenthedwe pabwalo la tchalitchi mpingo wonse ukuona, iwo alape, nkhani ithe. Malemu anadziwa amene amaima kutsogolo pa moto wotere. Amakhala ana a sukulu ya Sande ndi amayi a makanda kumsana. Anapukusa mutu. Anawafunsa kachiwiri, anapukusanso. Mawu amene anatuluka onse anali akuti, "Musatenthe." Akulu anamva ngati munthu akukakamira mankhwala ake, ndipo anawaimitsa pa Mgonero.

Sitikunena izi pofuna kutsutsa munthu pa maliro. Amene anaweruza anaweruza ndi zimene anaona ndi kumva, ndipo malemu sanatchulepo dzina la aliyense moipa m'nyumba mwawo. Tikungonena mmene zaka zisanu ndi zitatu zotsatira zinayendera.

Sanasiye kupita ku tchalitchi. Ankakhala pa benchi yomaliza, pafupi ndi chitseko, chipewa chili pa bondo. Tsiku la Mgonero, ulaliki ukatha, ankatuluka mwakachetechete n'kukakhala pa kaliyala ya njinga yawo pansi pa mtengo wa mthethe, akumvera nyimbo kudzera pawindo, milomo ikutsatira. Nyimbo ankaimba bwinobwino, chibwibwi sichinkawagwira poimba. Ku Santhe makasitomala anachepa. Ana amene kale ankadzaza pakhonde kudzapempha maginito a masipika akutha anayamba kudutsa chothamanga. Pa maliro a m'mudzi, mbale imene iwo asambamo m'manja ena ankaidumpha. Chokuzira mawu cha ku tchalitchi chikawonongeka, akulu ankapatsira mayi athu, iwo n'kubwera nacho m'dengu atachiphimba ndi chitenje. Malemu ankachikonza, n'kupukuta fumbi, n'kuchibwezera m'dengu momwemo.

Mwana wawo womaliza, Nthanda, anaphunzira ntchito ya bambo ake, ndipo kuyambira 2021 ndi iye amakwera phiri lija. Zipangizo za masiku ano ndi za mwala wina watsopano, galiyamu nayitirayidi, wopirira moto wambiri. Tsiku limene Nthanda anabweretsa kachipangizo kamodzi kotere kudzawaonetsa, malemu anavula nsapato, namanga kawaya, nakayang'ana pa galasi lokuzira mpaka tiyi anazizira. Nthanda anapempha kangapo kuti akaime pamaso pa akulu afotokoze zonse. Bambo ake ankakana. Ankati sakufuna mwana wawo akakangane ndi anthu amene anamunyamula pa ubatizo.

Matenda anayamba mu Januwale chaka chino. Chakudya chinayamba kukakamira pakhosi. Poyamba ankabisa, akumati alibe njala, koma mayi anaona kuti lamba wabooledwa mabowo atsopano. Anapita ku chipatala cha boma ku Kasungu, ndipo mu Malichi anatumizidwa ku chipatala chachikulu ku Lilongwe, kumene madokotala anapeza khansa ya kum'mero itafalikira kale. Anabwerera kunyumba akumwa phala lamadzimadzi. Mayi atawafunsa chimene mtima wawo ukufuna, sanatchule munda, sanatchule ana. Anati akufuna adye Mgonero asanapite.

Mu Meyi, mpingo unaitana anyamata ochokera ku Lilongwe kudzaika magetsi a dzuwa pa tchalitchi. Atamaliza za padenga, anapempha anthu oti akumbe dzenje pa ngodya ya tchalitchi, ndipo mmodzi wa okumbawo anali a Raymond. Anapemphanso thumba la makala ndi mchere. A Chimbalanga anakagula okha mcherewo ku golosale, akuganiza kuti anyamatawo akufuna kuwotcha nyama. Anaimirira pomwepo pamene anyamata anazika ndodo ya kopa, nathira makala, nathira mchere, nanena kuti tsopano tchalitchi chatetezedwa ku mphenzi. Amene analipo amati a Raymond anatsamira mpini wa khasu, ndipo atauzidwa kuti akwirire, khasu linawagwa m'manja. A Chimbalanga anavula chipewa, nabwerera kwawo njinga akuikankha.

Nkhani inayenera kubwereranso ku bwalo, koma inali nyengo yogulitsa fodya. Akulu ena anali ku okushoni, abusa anali kuyendera nyumba za mapemphero, ndipo tsiku linasunthidwa kangapo. Malemu anagonekedwa m'chipatala ku Kasungu kumapeto kwa Juni. Bwalo litakhala, Nthanda anatsitsa chitini chija m'chigafa, navala magolovesi, nachitsegula pa tebulo la akulu. Munalibe nyanga, munalibe tsitsi la munthu. Munali tizitsulo takupsa tokhala ndi manambala, tokulungidwa bwino kamodzikamodzi. Anafotokoza chimene chikanachitika chikanaponyedwa pamoto ana ataima mozungulira. A Chimbalanga anafunsa funso limodzi lokha, lakuti kodi malemu ankadziwa zimenezi tsiku la mlandu lija. Nthanda anati ankadziwa.

Lamulungu lapitali, pa 13 Julayi, abusa analengeza mu tchalitchi kuti a Amosi Kamphinda abwezeredwa pa Mgonero. Masana omwewo abusa, a Chimbalanga ndi a Raymond anakwera galimoto kupita ku chipatala atanyamula mkate ndi chikho. Anapeza kum'mero kwa malemu kutatsekeka, ngakhale madzi osadutsa. Abusa anawerenga mawu, napemphera, naviika chala m'chikho n'kuwanyowetsa milomo. Mkate anawaika m'dzanja. Malemu anaufumbata, ndipo sanaubweze.

A Raymond anagwada pambali pa bedi, nangoti, "Asuweni." Malemu anawayang'ana, nayamba kulimbana ndi liwu. Linatenga nthawi yaitali. Thukuta linatuluka pamphumi. Koma tsiku limenelo panalibe amene anawamalizira. Abusa anadikira, a Chimbalanga anadikira, odwala a mabedi oyandikana nawonso anadikira. Pomaliza malemu anati, "Chigafa chako chatsopano chija. Uikepo ndodo mvula isanayambe."

Amenewo ndiwo mawu awo omaliza amene tinawamva. Anamwalira Lachiwiri m'mawa, pa 15 Julayi, 2025, ali ndi zaka 68, mayi athu ali pambali pawo. Uthenga wa imfa yawo unaulutsidwa pa wailesi ija, ndipo achibale a kwa Kaluluma akuti anaumva bwinobwino, popanda kusasa.

Malemu asiya mkazi wawo, mayi Jenala Nyazimba. Ana anayi, Vincent, Diana, Paul ndi Nthanda. Zidzukulu zisanu ndi zinayi. Ndi alongo awo awiri, mayi Lusiya ndi mayi Fainess.

Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino a ku Kasungu ndi ku Lilongwe, amene anawasamalira mpaka tsiku lomaliza. Likuthokoza mafumu potipatsa malo, adzukulu amene akhala kumanda kuyambira m'mamawa, ndi amayi amene ali ku moto. Likuthokoza ogwira ntchito ku wailesi chifukwa cha galimoto imene inanyamula thupi. Likuthokoza abusa ndi akulu a mpingo chifukwa chofika ku chipatala kuja, ndi amayi a Chigwirizano amene agona pano akuimba. Malemu ankaopa kuti adzaikidwa popanda nyimbo. Mwaimba, ndipo tamva.

Tili ndi pempho limodzi kwa amene adzasese pakhomo maliro akatha. Chilichonse chimene mungapeze pa benchi ya malemu kapena m'chigafa, musachiponye pamoto. Chitini chija chili m'manja mwa Nthanda, ndipo adzachipereka kwa odziwa katayidwe kake.

A Raymond apempha kuti akhale mmodzi wa onyamula bokosi, ndipo banja lavomera. Atiuzanso kuti dzenje pa chigafa chawo akumba kale, makala ndi mchere zilipo, akungodikira kuti Nthanda apukute misozi.

Bambo athu a Kamphinda, mwatsika phiri komaliza. Pitani mukakhale pa gome la Ambuye, pa benchi yakutsogolo, kumene adzakudikirani mpaka mumalize mawu anu. Mzimu wanu uuse mumtendere.